Manja anga ang'ambika ndi chisanu cha ku Joni

Ndikulemba izi ndi chala chimodzi, chifukwa zinazi ndikangozipinda ming'alu imatseguka n'kuyamba kuchucha magazi. Uno ndi July, ndipo amene munakhalako ku Johannesburg mukudziwa mmene kukacha kumakhalira. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula ikasiya mu April kumangoti gwa, mpweya wouma, m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu. Ine nthawi imeneyo ndimakhala nditapisa kale manja mu ndowa, chifukwa ntchito yanga ndi yotsuka magalimoto.

Madzi ozizira paokha ndikanapirira. Chondipha ndi sopo wa magalimoto ndi mankhwala aja ochotsera girisi m'matayala. Zinthu zimenezi anazipanga kuti zizisungunula mafuta, ndiye sizisankha, zimachotsa ndi mafuta omwe khungu limadzipangira lokha. Khungu limayamba ndi kutuwa, kenako kukhakhala ngati chikwa cha mtengo, mapeto ake limang'ambika m'mfundo za zala ndi m'mbali mwa zikhadabo. Sopo akalowa mumng'alu, abale, misozi imatuluka yokha. Kumapazi nakonso zikang'a zandigwira, poti jombo zanga zinabooka ndipo ndimaima m'madzi tsiku lonse.

Ndinapita kwa abwana mwaulemu kukapempha magolovesi. Anandiyankha kuti pamsewu pali anthu ambiri ofuna ntchito imeneyi. Sabata yotsatira magazi a chala changa anadontha pampando wa galimoto ya kasitomala, kadontho kamodzi kokha kamene ndinapukuta pomwepo, koma pakutha pa sabata ndinapeza andidula malipiro. Izi ndi zimene zikundiwawa kuposa zilondazo. Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo cha pantchito la 1993, limene limati wolemba anthu ntchito aziwapatsa zodzitetezera, ndipo asawalipiritse. Koma mlendo ukatsegula pakamwa amayamba kukufunsa za mapepala. Timangokhala chete, manja akutha.

Amene anandithandiza ndi mayi ena a namwino ku kiliniki. Anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kundifunsa kuti, “Bambo, mumasamba madzi otentha bwanji?” Ndinawauza zoona, kuti ndikaweruka ndimaviika manja m'madzi otentha kwambiri kenako n'kuwaotha pa hita mpaka ayambenso kumva. Anapukusa mutu. Kani ndimadziwonjezera ndekha vutolo: madzi otentha amakokolola mafuta otsala aja, ndipo hita imaumitsa mpweya wa m'chipinda.

Zimene anandilangiza n'zosavuta. Madzi akhale ofunda chabe. Podzipukuta osakhula ndi thaulo, kungogunditsa pang'onopang'ono, ndipo mafuta uwadzole khungu likadali lonyowa. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa. Vaseline sathira madzi m'khungu ayi, amangotsekera amene alimo kuti asathawe, ndiye ukamupaka pakhungu louma kale umangonyezimira pamwamba. Tsopano ndimayamba ndi mafuta okhala ndi gilisalini, amene amakoka chinyezi, kenako Vaseline pamwamba pake. Za zidendene anandiuza kuti ndikafunse ku famase mafuta okhala ndi urea, a 10 mpaka 25 peresenti, amene amafewetsa chikhungu cholimba chija, koma osapaka pamene pali chilonda chotseguka chifukwa amabaya. Usiku ndimaviika mapazi mphindi 10, ndimakwecha pang'ono ndi mwala, kudzola, n'kuvala masokosi a thonje mpaka kucha. Masokosi akale awiri ndimavalanso kumanja.

Lezala anandiletsa ndithu. Mnzanga amene timagona naye chipinda chimodzi ankasenga zikang'a zake ndi lezala, phazi linatupa, anakhala masabata awiri osaponda pansi, ndipo kuno tsiku losagwira ntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Amene muli ndi matenda a shuga musayese n'komwe kudzichiza nokha. Mng'alu ukafiira, ukatentha kapena kuyamba mafinya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chinanso chimandikwiyitsa ndi ife eni ake. Ndikatulutsa kabotolo ka mafuta pa nthawi yopuma, anyamata anzanga amaseka, ati zodzoladzola n'zachizimayi. Omwewo usiku amabuula, akulephera kumanga zingwe za nsapato. Tinasiya ana ndi makolo kudzagwira ntchito ndi manja omwewa, palibe china chimene tinabwera nacho.

Magolovesi ndagula ndekha, a labala, ndipo mkati ndimavala a nsalu kuti thukuta lisandinyowetse. Lisiti ndasunga m'chikwama. Lolemba ndikukaipereka kwa abwana, ndipo anyamata awiri avomera kuti tikalowa limodzi mu ofesimo.