Maganizo anga pa msonkho wa fodya

Anthu ambiri amati kukweza msonkho wa ndudu n'kungozunza osuta, chifukwa munthu amene chibaba chinamugwira amagulabe ngakhale mtengo ukwere chotani. Mfundoyi sindingaikane yonse. Ndinakhalapo nyumba imodzi ndi munthu amene akadzuka m'mawa, asanasukusule n'komwe, dzanja limakhala lili kale m'thumba la malaya kufufuza ndudu, ndipo tsiku limene yasowa ankangoyendayenda, n'kumakalipira aliyense popanda chifukwa. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amayambitsa chibaba, amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, ndipo thupi likamuzolowera, mtengo sukhalanso chinthu choyamba m'maganizo.

Komabe ine ndili kumbali ya msonkho wokwera, ndipo amene ndikumuganizira kwambiri ndi mwana yemwe sanayambe kusuta. Osuta ochuluka amayamba ali achinyamata, pa nthawi imene m'thumba mumakhala mopepuka ndipo chibaba chisanazike mizu, choncho mtengo ukakwera iwowa ndi amene amabwerera m'mbuyo msanga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mtengo ukakwera ndi 10 peresenti, kusuta kumatsika ndi pafupifupi 4 peresenti m'mayiko olemera, ndi pafupifupi 5 peresenti m'mayiko osauka ndi apakatikati. Zingaoneke zochepa, koma tikukamba za chinthu chimene chimapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Akatswiri a zachuma Gary Becker ndi Kevin Murphy anafotokozanso mu 1988 kuti pa zinthu zachibaba, mphamvu ya mtengo imakula m'kupita kwa zaka kuposa mmene imaonekera poyamba.

Chimene chimandipweteka n'chakuti maboma ambiri amakweza msonkhowu pang'onopang'ono, mongofuna ndalama, moti kukwera kwa mitengo ya zinthu zina kumaupitirira ndipo ndudu imakhala ngati yatsika. WHO imalangiza kuti msonkho ufike 75 peresenti ya mtengo wa paketi, koma mayiko ambiri sanafikepo. Komanso kumene ndudu zimagulitsidwa imodziimodzi, mwana saona n'komwe kulemera kwa mtengo wa paketi.

N'zoona kuti wosuta wosauka amene walephera kusiya ndi amene amasenza katunduyu, ndipo nthawi zina banja lake ndi limene limaperewedwa. N'chifukwa chake ndikufuna kuti gawo la ndalama za msonkhowu lizilipira uphungu ndi mankhwala othandiza kusiya fodya. Munthu amene ndinkakhala naye nyumba imodzi uja anayesa kusiya katatu payekha, popanda womuthandiza, ndipo katatu konseko anabwerera.