VAR ikhalepo, koma tizimva zimene oyimbira mpira akukambirana

Pa 10 October 1993 ndinali mnyamata wa giredi 6, ndipo tsiku limenelo tinakhala pakhonde la nyumba yathu ku Kapata titazungulira wailesi ya abambo, imene mabatire ake tinawayanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti asathe mphamvu masewero ali mkati. Zambia inkasewera ndi Morocco ku Casablanca, ndipo kungofanana mphamvu kukanatipititsa ku mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse wa 1994 ku America. Timu yathu inali yatsopano, yosonkhanitsidwa mozungulira Kalusha Bwalya pasanathe miyezi 6 kuchokera pamene ndege yonyamula timu ya dziko lathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Tinagonja 1-0. Abambo anazimitsa wailesi, nsima anaisiya osaikhudza, ndipo anangonena kuti, "Ana anga, watidya ndi woyimbira uja." Woyimbirayo anali Jean-Fidèle Diramba wa ku Gabon, ndipo dzina lake linasanduka mawu a tsiku ndi tsiku, moti mpaka lero woyimbira akakondera pabwalo lililonse kuno ku Chipata, pamapezeka mkulu wina wofuula kuti "Diramba!"

Chimene chimandivutitsa mumtima n'chakuti munthu ameneyo ndinamuweruza ndi makutu okha. Ndinamva kuti anatimana penate, ndinakhulupirira, ndipo ndakhala ndikukhulupirira kwa zaka zoposa 30, koma tsiku limenelo panalibe wina woimitsa masewero kuti aonenso bwino zimene zinachitika, ndipo dandaulo la Zambia ku FIFA silinasinthe kanthu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati VAR, njira yoti woyimbira wina azithandiza wa pabwalo poonanso zochitika pa kanema, yawononga mpira ndiponso kuti zolakwa za oyimbira ndi ndiwo ya masewero. Cholakwa chimakoma kuchikamba chikagwera dziko la eni.

Anthu a ku England akadali ndi chilonda cha 1986, pamene Maradona anagoletsa ndi dzanja ku Mexico, woyimbira Ali Bin Nasser wa ku Tunisia osaona. A ku Ireland anatsala pakhomo mu 2009 Thierry Henry atakankha mpira ndi dzanja ku Paris, William Gallas n'kumwetsa chigoli. Koma tsiku limene linachititsa manyazi akuluakulu a FIFA linachitikira konkuno ku Africa, pa 27 June 2010. Ku Bloemfontein, Germany ikutsogola 2-1, mpira wa Frank Lampard wa England unamenya chitsulo chapamwamba n'kugwera mkati mwa golo moonekeratu, koma woyimbira Jorge Larrionda ndi womuthandiza wake anati masewero apitirire. Madzulo a tsiku lomwelo ku Johannesburg, Carlos Tevez wa Argentina anagoletsa ali pa ofusayidi posewera ndi Mexico, ndipo kanema wamkulu wa m'bwalomo anaonetsanso chigolicho, kotero kuti khamu lonse, osewera, ngakhale oyimbira eni ake anadziwa kuti palakwika, koma malamulo sankalola kuti chigamulo chisinthidwe chifukwa cha kanema. Ife amene tinkaonera m'kanyumba ka matabwa titalipira pakhomo tinkaona bwino kuposa munthu amene anapatsidwa udindo woweruza. Zimenezi sizikanapitirira.

Mu 2014 ku Brazil kunabwera makina oona ngati mpira wadutsa mzere wa golo, amene amatumiza uthenga ku wotchi ya woyimbira nthawi yomweyo. Mu March 2018 bungwe losunga malamulo a mpira la IFAB linavomereza VAR, ndipo inagwira ntchito ku Russia chaka chomwecho. Lamulo lake la 2018 linali lopapatiza kuposa mmene ambiri timaganizira: woyimbira wa pakanema ankalowererapo pa zinthu 4 zokha, zomwe ndi chigoli, penate, khadi lofiira lachindunji, ndi kulanga wosewera wolakwika m'malo mwa mnzake, ndipo ankayenera kutero pokhapokha cholakwacho chili choonekeratu kapena ngati woyimbira sanaone chinthu chachikulu. Chigamulo chomaliza chimakhalabe m'manja mwa amene ali ndi wezulo pabwalo.

Ndinasangalala nazo zonsezi mpaka Casablanca anatipwetekanso kachiwiri. Pa 18 July 2022, usiku wozizira, tinadzaza m'chipinda choonetsera mpira pafupi ndi msika, ena atafunda zitenje, kuonera Copper Queens, timu ya amayi ya Zambia, ikulimbana ndi South Africa mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho cha amayi cha Africa. Mphindi 90 zinatha popanda chigoli. M'mphindi zowonjezera Martha Tembo wathu anawombana ndi Jermaine Seoposenwe wa South Africa, woyimbira Lidya Tafesse wa ku Ethiopia sanaimbe penate, kenako tinamuona atagwira khutu lake n'kuthamangira ku kanema wa m'mbali mwa bwalo. M'chipindamo munati zii, moti kunkangomveka jenereta kunja. Atabwerako analoza pamalo a penate, Linda Motlhalo anagoletsa, ndipo tinatuluka mumpikisano wa chikho. Mayi wina wogulitsa mtedza amene anakhala kutsogolo kwanga anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Achimwene, nanga waona chiyani pamenepo chimene ife sitinaone?" Ndinalibe yankho. M'maso mwanga Tembo anayamba kufika pa mpira, bungwe la mpira la Zambia la FAZ linadandaula ku bungwe la mpira la Africa la CAF, koma palibe amene anatimvetsa zimene woyimbira ndi mnzake wa pakanema anauzana m'makutu.

Kuyambira usiku umenewo ndinazindikira kuti mafunso a pabwalo ali mitundu iwiri, ndipo kanema amayankha mtundu umodzi wokha. Pali mafunso oyeza, monga ngati mpira wadutsa mzere kapena ngati phazi la wosewera linali patsogolo pa wotchinga womaliza. Amenewa makina amawatha. Ku Qatar mu 2022 ambiri tinalumbira kuti mpira unali utatuluka Kaoru Mitoma asanaubwezere mkati kuti Japan igoletse chigoli chogonjetsera Spain, koma zithunzi zojambulidwa pamzere penipeni zinaonetsa kuti kambali kakang'ono ka mpirawo kanali kadakali pamwamba pa mzere, ndipo ndinavomereza. Koma pali mafunso ena amene ndi oganiza: kodi kukhudzana kumeneku n'kokwanira kugwetsa munthu, kodi dzanja lili pamalo achibadwa, kodi wosewera anachita dala? Apa kanema sayankha, amangopereka funso lomwelo kwa munthu wachiwiri wokhala m'chipinda chozizira. Choipa kwambiri, chithunzi chikamayenda pang'onopang'ono kukhudzana kulikonse kumaoneka ngati chiwembu, chifukwa zimene zinachitika m'kuphethira kwa diso zimaoneka ngati munthu anali ndi nthawi yoganiza. Ndipo woyimbira akaitanidwa ku kanema amapita akudziwa kale kuti mnzake akumuona ngati walakwa, choncho pamafunika mtima wolimba kuti abwereko asanasinthe.

Abale athu a ku Mchinji akudziwa ululu womwewu. Mu January 2022 pa chikho cha Africa ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, woyimbira anapatsa Malawi penate posewera ndi Senegal Gomezgani Chirwa atagwa, kenako anaona kanema n'kuichotsa, masewero n'kutha 0-0. Kuno ambiri tinkachemerera Flames, pajatu malire a Mwami sadula ubale, ndipo tinakangana mpaka usiku. Ena ankati kukoka kunalipo, ena ankati kunali kochepa. Ngati anthu oona chithunzi chimodzi akugawanika chotere, ndiye kuti cholakwa cha woyimbira sichinali choonekeratu, ndipo mwa lamulo la VAR lenilenilo chigamulo choyamba chinayenera kukhala.

Tisaiwalenso kuti woyimbira ndi munthu wa thupi ndi magazi. Janny Sikazwe wathu, amene anaimbira ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 2017 ndiponso anakhala M'zambia woyamba kuimbira masewero a Chikho cha Dziko Lonse mu 2018, anathetsa masewero a Tunisia ndi Mali ku Limbe wa ku Cameroon mu January 2022 pa mphindi 85, anawayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Dziko lonse linamuseka, koma iye anafotokoza pambuyo pake kuti kutentha kwa masana amenewo kunamusokoneza, ndipo anapita naye kuchipatala. VAR inalipo tsiku limenelo, koma nthawi sinali m'gulu la zinthu 4 zija. Makinawo nawonso amafa: mu 2019 ku Tunisia, ndime yomaliza ya CAF Champions League inathera panjira osewera a Wydad ya ku Morocco atakana kupitiriza chifukwa chigoli chawo chinakanidwa VAR isakugwira ntchito.

Chimene ndikupempha ndachitenga kumudzi kwathu. Mawu akuti bwalo timatchulira malo osewerera mpira, timatchuliranso malo oweruzira milandu, ndipo pabwalo la mfumu mlandu umakambidwa poyera. Nduna zimafunsa anthu akumva, mboni imalankhula anthu akumva, ndipo ngakhale wogonja amapita kwawo akudziwa chimene chamugwetsa. Mfumu ikalowa m'nyumba ndi nduna imodzi, n'kunong'onezana, n'kutuluka ndi chigamulo, mudzi wonse umanena kuti pali mbuzi imene yadutsa kuseri, ngakhale chigamulocho chitakhala cholungama. Umu ndi mmene VAR ikuyendera. Kuno ku Africa kukayikirako kuli ndi maziko, chifukwa tinaona Joseph Lamptey wa ku Ghana akupatsa South Africa penate mu 2016 mpira utamenya bondo la Kalidou Koulibaly wa Senegal, mpaka FIFA inamuletsa kuimbira moyo wake wonse n'kulamula kuti masewerowo abwerezedwe.

Pa chikho cha amayi cha dziko lonse cha 2023, kumene Copper Queens inasewera koyamba, oyimbira ankalengeza chigamulo cha VAR pa chimkuzamawu, ndipo chimenecho chinali chiyambi chabwino, koma kulengeza chigamulo n'kosiyana ndi kutimvetsa zokambirana. M'masewero a rugby oonera amamva woyimbira akufunsana ndi mnzake wa pakanema, ndipo masewerowo sanafe nazo. Ndikufuna CAF ndi FIFA zichite chimodzimodzi: mawu a m'makutu aja azimveka pa wailesi ya kanema, zithunzi zimene woyimbira akuona zizionekanso kwa anthu a m'bwalo, ndipo ngati papita mphindi ziwiri anthu akubwezabweza chithunzi osagwirizana, chigamulo cha pabwalo chizikhala momwemo. Ndikupemphanso FAZ kuti ikapita ku misonkhano ya CAF izikankha nkhani imeneyi pamodzi ndi Malawi ndi mayiko ena a COSAFA, bungwe la mpira la kum'mwera kwa Africa, ndipo iyambe ndi kupempha kuti mawu amene anakambidwa ku Casablanca pa 18 July 2022 atulutsidwe kuti tiwamve.