Ma Falcons aja musawaiwale chonde

Zikomo alembi potikumbutsa za mpikisano wa hockey ya pa ayezi wa pa ma Olympics a ku Antwerp, ku Belgium, mu April 1920, koma mwangoti Canada inawina golide basi osatchula kuti anapitawo anali ndani, ine zandikhudza ndithu. Inali timu ya Winnipeg Falcons, anyamata ambiri anali ana a anthu ochokera ku Iceland ndipo kwawo komweko matimu ena ankawasala kukana kusewera nawo, ena mwa iwo anali atangobwera kunkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma ndi omwewo anatenga Allan Cup, chikho cha hockey cha ku Canada, nkukwera sitima kukaimira dziko lawo. Kaputeni wawo anali Frank Fredrickson.

Matimu analipo 7 okha, mbali iliyonse osewera 7 osati 6 ngati lero. Canada inakwapula Czechoslovakia 15-0, America 2-0, kenako Sweden 12-1 mu fainolo, ndiye tangoganizani mpikisano onse anangowachinya kamodzi kokha. Ma Sweden wo ndimawapatsa ulemu kwambiri chifukwa ambiri anazolowera bandy, masewero ena a pa ayezi ogwiritsa ntchito kampira, hockey yi anali akungoiphunzira kumene koma anafika mpaka fainolo.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi dongosolo la Bergvall lomwe anatsata pa mpikisanowu, loti onse ogonja kwa wowina golide aseweranso kulimbirana siliva, munthu wafika fainolo koma siliva osakupatsa, ayi uyambirenso kumenyera. Mapeto ake America inatenga siliva, Czechoslovakia nkutenga bronze itangogoletsa chigoli chimodzi mpikisano onse, chomwe anachinyira Sweden yomweyo 1-0 itatopa kale. Sweden inabwerera kwawo chimanjamanja, sizinali zachilungamo zimenezo.