Eni ma lodge, mwana wa kuno naye mumukhazike pa kompyuta

Eni ake a ma lodge a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, lero ndili nanu mawu.

Kumabwera achinyamata ochokera ku Ulaya, ena ophunzira za bizinesi m'mayunivesite a kwawo, kudzachita internship kuno, kutanthauza kudzaphunzira ntchito poigwira. Ine sindidana nazo ayi. Amalankhula zilankhulo za alendo anu, amadziwa mmene Mjeremani amasakira malo ogona pa intaneti, ndipo akabwerera kwawo amakaitchukitsa nyanja yathu. Chimene chimandiwawa n'chakuti mlendoyo mumamukhazika mu ofesi, akuona mabuku a ndalama, akulemberana ndi makampani otumiza alendo, pomwe mwana wa kuno wa digiri ya bizinesi, kaya ya ku yunivesite ya MUBAS kaya ya ku yunivesite ya DMI yomwe ili pakhomo pathu pompano, mumamuuza kuti asiye CV kwa mlonda. Akachita mwayi ndiye wonyamula zikwama.

Pakatha miyezi yochepa mlendo uja wakwera ndege, zonse zimene waphunzira wapita nazo. Kenako inu nomwe muzidandaula kuti ku Mangochi kulibe anthu odziwa ntchito. Akaidziwira kuti?

Maganizo anga ndi awa: mlendo aliyense wobwera pa internship azikhala desiki imodzi ndi mnzake wa kuno, ntchito imodzimodzi, password ya kompyuta onse aidziwe. Ikafika nthawi yolemba munthu ntchito yokhazikika, yambani mwayang'ana amene mwamuphunzitsa uja. Wakunja ngati mukumufunadi, njira ilipo, mukamutengere chilolezo chogwirira ntchito cha Temporary Employment Permit ku Immigration, osati kumubisa pa dzina la volontiya chaka ndi chaka.

Ndipo nkhaniyi si ya ma lodge okha. Chipata cha pa malire cha Chiponde chili m'boma lathu lomwe lino, kutsidya kwake ndi Mandimba, ku Mozambique. Nandolo wa m'dziko muno msika wake waukulu ndi India. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amalonda amene ankaoda katundu kunja koma mitengo akuikabe mwa chizolowezi anaona zakuda. Mwana amene waphunzira malonda a pakati pa mayiko amatha kuwerengera kusintha kwa ndalama, kulongosola mapepala a MRA, kuwerenga mgwirizano musanasayine. Amalonda akuluakulu a pa Boma, kodi zimenezi amakuchitirani ndani? Mlamu wanu?

Koma chonde, mukawatenga muziwapatsa kangachepe. Wa ku Ulaya uja tikiti ndi chakudya amamulipirira makolo kapena sukulu yake. Wa ku Namwera kapena ku Makanjira alibe womulipirira ngakhale kabaza, ndiye internship yaulere imangothandiza ana a opeza bwino. Boma lili ndi pulogalamu yake ya ma intern, inde, koma silingatenge aliyense, ndipo nthawi yake ikatha ambiri amabwerera pakhomo. Tikudabwa chiyani tikamaona a madigiri nawonso akukwera basi ya ku Joni?

Inunso achinyamata, digiri yokha sikugulitsani. Chiyao mukuchidziwa kale, Chingerezi munaphunzira. Onjezanipo Chipwitikizi. Munthu wotha kukambirana mtengo ku Lichinga, ku Mozambique, popanda womasulira, wamalonda wanzeru sangamusiye pa geti.