Chenjezo kwa inu amene mukuzunza chigongono chowawa

Sabata yatha ndinapita kuchipatala kukazonda kalipentala wina wa m'dera lathu amene anagonekedwa atasanza magazi. Chimene chinamufikitsa pabedipo ndi chigongono chimene chakhala chikumuwawa kuyambira nyengo yokolola, iye n'kumameza Indocid ndi Brufen wa pa okala m'mimba mulibe kanthu, kenaka n'kubwerera kukapala matabwa. Pamkono pake ndinaonapo mphini zakuda zondandana, zina zikutuluka mafinya. Madokotala anati chigongonocho chili ndi vuto limene amalitcha tennis elbow, ndipo kusanza magaziko anadziitanira yekha ndi mapiritsi.

Kodi anthu inu mwatani? Ululu uli kunja kwa chigongono, pa kafupa kotukuka kaja, ndipo ukutsika mpaka kudzanja. Kapu ya tiyi ikukupulumukani, chitseko mukutsekula ndi dzanja lamanzere, kupereka moni wa m'manja mukuchita tsinya, koma m'mawa kukacha mwanyamulanso hamala. Amayi mukulephera kufinya chitenje chochapa, koma munsi simukuusiya. Oswa miyala, amakaniko okhalira kupotokola sipanala, atelala ndi sizasi yawo, olima ndi khasu, nonse yankho lanu ndi limodzi, lakuti ndi nyamakazi chabe. Anakuyezani ndani? Ambiri odwala nthendayi sanagwirepo chomenyera mpira wa tenesi, ndipo imakonda anthu a zaka zapakati pa 30 ndi 50, amene mabanja akuwadalira.

Mitsempha yolumikiza minofu ya mkono ku fupa la chigongono yalema ndipo yang'ambika pang'onopang'ono chifukwa chobwereza ntchito imodzimodzi. Lezala la sing'anga lidzasoka bwanji mtsempha? Wina akuthowa ndi madzi owira mpaka kusupuka khungu, wina akupatsa mnzake mkono kuti aukoke ati wabzungunyuka, winanso akusaka wobaya jekeseni kuseri kwa msika. Jekeseni wa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, ngakhale wa kuchipatala, amaziziritsa ululu kwa masabata ochepa, ndipo kawirikawiri ululuwo umabwereranso. Mapiritsi omwa mwachisawawa aja amaboola m'mimba ndi kuwononga impso.

Chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti chithandizo chake sichifuna chuma. Pumitsani mkono ku ntchito imene ikuuwawitsa, kapena sinthani kagwiridwe ka chida ndipo muzipumira. Ikanipo nsalu yozizira kapena ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi zingapo, imwani Panado monga mwa malangizo, ndipo pitani kuchipatala akakuoneni. A mafizo, akatswiri othandiza odwala ndi masewero olimbitsa ziwalo, alipo ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central ndi m'zipatala zina. Amaphunzitsa kuwongola ndi kulimbitsa minofu, ndipo ena amawapatsa lamba womanga m'munsi mwa chigongono. Nthendayi imachedwa kupola, kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 2, koma anthu 9 mwa 10 alionse amachira chaka chisanathe, ndipo opaleshoni imafunika kwa ochepa kwambiri. Chigongono chikatupa, kutentha, kuchita dzanzi, kapena ululu ukayamba mutagwa, thamangirani kuchipatala, musagone n'komwe.

Ndikudziwa kuti mudzati ana adya chiyani mukapuma masabata awiri. Nanga adzadya chiyani dzanjalo likadzakana kugwira sowo chaka chathunthu? Lekani makani, ndinu akuluakulu inu.