Fumbi mukulinamizira, vuto lili ku saluni ndi kometera

A mtolankhani, mwati fumbi ndi utsi wa m'tauni ndi zimene zikuthothola anthu tsitsi. Ayi ndithu, fumbi limangodetsa. Kuno ku Dedza tiyambe tayang'ana zimene zimachitika m'masaluni a pa boma.

Tsitsi likamatha m'mbali mwa mphumi ndi pamwamba pa makutu, amenewo ndi malukidwe okoka kwambiri. Mukaluka meshi mutu n'kumapweteka mpaka kulephera kugona, kapena timatuza n'kutuluka m'mizere, masulani tsiku lomwelo. Mukapitiriza choncho kwa zaka mizu imafa, ndipo pamenepo silimeranso ngakhale mupake mafuta odula bwanji. Ndiye pali relaxer, mankhwala owongola tsitsi. Amayenera kupakidwa pa tsitsi longomera kumene basi, patadutsa masabata 8 kapena kuposa, koma ena amapaka mutu wonse mwezi ndi mwezi n'kumadikira kuti ayambe kuwotcha. Kuwotchako khungu lapsa kale.

Kwa ana, zigamba zozungulira zotuwa ngati phulusa ndi chipere. Chimayenda pa makina ometera osatsukidwa ndi zipeso zobwerekana. Mankhwala opaka okha sachiza chifukwa chimalowa m'kati mwa tsitsi, pamafunika mapiritsi ngati griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, okalandira kuchipatala.

Amayi inu, tsitsi lothothoka mutu wonse patapita miyezi itatu mutabereka kapena mutadwala malungo aakulu limabwerera lokha. Likapitirira miyezi 6 kayezetseni magazi, mwina achepa. Lija limagwa m'chisanu cha Juni ndi Julayi liyang'aneni kunsonga: ngati kulibe kamutu koyera, langothyoka ndi kuuma.