Mulungu salanga mwana chifukwa chotopa

Makolo achikhristu tikayamba kukambirana za kulera ana, vesi yoyamba kutuluka pakamwa imakhala Miyambo 13:24, ija yonena za kulanga mwana ndi ndodo. Ambiri tinailoweza tisanabereke n'komwe. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Hoseya 11 sitiitchula kawirikawiri, chonsecho m'menemo ndi momwe Mulungu akudzifotokoza yekha ngati kholo la mwana wamng'ono. Akuti ndi Iye amene anaphunzitsa Efereimu, kutanthauza mtundu wa Israeli, kuyenda, kumunyamula m'manja, kuwerama kuti amudyetse. Mwanayo atakula anathamangira mafano, koma pofika vesi 8 Mulungu akufunsa kuti angamutaye bwanji, mtima wake utadzaza chifundo.

Amene anagwirapo timanja ta mwana wophunzira kuyenda amadziwa mmene msana umawawira. Iwe wawerama, iye akuponda dzandidzandi, wagwa, wadzuka, wagwanso. Palibe amene amamukalipira chifukwa chakugwako. Koma mwana yemweyo akangotambasulira dzanja kumoto kapena kuthamangira kumsewu, mawu amasintha pomwepo: "Iwe! Siya!" Chikondi chimene chinaweramitsa msana chija n'chomwenso chakweza mawu apa.

Choncho sindikunena kuti ana asamalangidwe, ayi. Pa 1 Samueli 3:13 Mulungu anaweruza banja la Eli chifukwa ankadziwa zoipa za ana ake koma osawaletsa. Kulekerera mwana n'kumutaya ali m'nyumba momwemo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kumene chilango chathu chimachokera. Nthawi zambiri chimachokera ku kutopa, kapena manyazi poti mwana walira pamaso pa alendo, kapena mkwiyo umene tabwera nawo kuchokera kwina. Mwana wa zaka 2 kapu yamupulumuka, madzi atayika, ife tamulusira kale. Kodi walakwa chiyani? Timanja take sitinalimbe, basi. Salimo 103:13-14 imati Yehova amachitira chifundo omuopa monga bambo achitira ana ake, ndipo chifukwa chake chatchulidwa pomwepo: amadziwa mapangidwe athu, amakumbukira kuti ndife fumbi. Iye amasiyanitsa kufooka ndi mwano. Ife tikatopa timangoziphatikiza.

Ahebri 12 timaikonda chifukwa imati amene Ambuye amukonda amamulanga. Tiziwerenga mpaka vesi 10. Pamenepo akuti makolo athu ankatilanga kanthawi kochepa monga momwe zinkawakomera iwowo, koma Mulungu amatilanga kuti tipindule. Vesi imeneyi ikutiunika ife makolo. Buku la Maliro 3:33 limawonjezera kuti Iye sakondwera n'kusautsa anthu. Ndiye kholo likamva mtima kupepuka litamenya mwana, lidzifunse kuti chilangocho chathandiza ndani. Paulo naye sanabise, pa Akolose 3:21 anachenjeza abambo kuti asamapute ana awo, kuopa kuti angataye mtima.

Koma pamene ndimaona kuti nkhani yagona ndi pa zimene zimachitika chilango chikatha. Mwana wamng'ono ukamudzudzula salowera kwina. Amalira, misozi ndi mamina zili mbwee, n'kubwera kudzakangamira miyendo ya yemwe wamudzudzulayo. Ena apa timamukankha: "Choka, ndakukwiyira." Ena timangomukhalira chete tsiku lonse kuti amve kuwawa. Mulungu sanachite choncho. Pa Genesis 3, atatha kunena chilango cha Adamu ndi Hava, anawapangira zovala zachikopa n'kuwaveka. M'munda anatulukamo ndithu, chilango sichinabwezedwe, koma sanatuluke amaliseche. Ngakhale Kaini, wopha m'bale wake, anamuika chizindikiro kuti asaphedwe.

Makolo anzanga, ngati mwanena kuti chidole sachigwira mpaka mawa, asachigwiredi, mawu anu akhale olimba. Koma akabwera akulira munyamuleni, mumupukute nkhope, mumufotokozere mwachidule chimene walakwa. Kunyamulako sikufafaniza chilango.

Ndimaona anthu akuluakulu amene akachimwa amaleka kupemphera, ena mpaka kusiya kupita kutchalitchi, akudikira kuti mtima wa Mulungu uyambe waphwa. Sindikhulupirira kuti maganizo amenewa anawapeza m'Baibulo. Ndimaganiza kuti ambiri anawaphunzira ali ndi zaka 3, pamene anakweza manja kuti anyamulidwe koma kholo n'kuyang'ana kumbali.